Za mnzanga wolandidwa pasipoti uja

Zikomo nonse amene munandiyankha za mnzanga wa payunivesite kuno ku UK, amene bwana wake kunyumba yosamalira okalamba anamulanda pasipoti, n'kumamudula malipiro ati ngongole ya lendi.

Ndinamvera amene munati ndisakalimbane ndi bwanayo ndekha. Ndinaimba ku Modern Slavery Helpline (nambala yothandiza anthu ogwiritsidwa ntchito ngati akapolo), 08000 121 700, osatchula dzina langa, kenako tinapitira limodzi ku ofesi yothandiza ophunzira. Apolisi anakatenga pasipoti ija, ndipo mnzangayo atavomera yekha anamulowetsa mu National Referral Mechanism, ndondomeko ya boma la UK yozindikira ndi kuthandiza anthu ogwiritsidwa ntchito ngati akapolo. Panopa akugona malo otetezeka.

Chinkamutseka pakamwa ndi mantha. Ankagwira kupitirira maola 20 pa sabata amene viza ya ophunzira imalola, ndiye bwanayo ankamuopseza kuti akamunenera. Musadikire umboni wonse, imbani mukangokayikira. Mauthenga a pa WhatsApp musafufute, ifeyo anatithandiza kwambiri.