Orchid yanga ikufota masamba chonsecho ndimaithirira, ndikulakwitsa pati?

NaBanda wa ku Area 25:
Moni nonse. Ndili ndi orchid ya mtundu wa Phalaenopsis, ija ya masamba okhuthala otambalala. Ili mukamphika ka pulasitiki, ndipo kamphikako kali mkati mwa mphika wina wokongoletsera wopanda bowo. Maluwa adayoyoka mwezi watha. Tsopano masamba awiri apansi afewa, akwinyika ngati asowa madzi, pamene ndimathirira masiku awiri aliwonse. Ndiwonjezere madzi? Nanga phesi la maluwa lija ndilidule?

Achimwene a ku Bvumbwe:
Amayi, musawonjezere ngakhale dontho. Masambawo ali ndi ludzu, inde, koma chifukwa mizu yoti iyamwe madziwo yawola. Kwawo kwa duwali, m'nkhalango za ku Philippines ndi Indonesia, limamera pa nthambi za mitengo, mizu ili pamtunda. Mvula imainyowetsa, mphepo n'kuiumitsa tsiku lomwelo. Ikakhala m'madzi odikha mumphika wopanda bowo imabanika.

Lizuleni lero lomwe, muchotse zonse zimene zakuta mizu, muitsuke ndi madzi ofunda pang'ono. Muzu wamoyo umakhala wolimba, wobiriwira ukanyowa, wotuwa ukauma. Wakufa umakhala wakuda kapena wofiirira, ukaufinya umaphwanyika, khungu limavuka n'kutsala kaulusi pakati. Dulani yakufa yonse ndi lezala latsopano kapena sizasi yopukuta ndi sipiriti, kenaka liikeni pamthunzi maola angapo kuti mabala aume.

Pobzalanso musaike dothi, manyowa kapena mchenga. Sakanizani magawo 3 a makungwa a paini ndi gawo limodzi la makala, zonse zoswa zidutswa za masentimita 1 mpaka 2. Makungwawo akhale akale, ouma, ndipo muwaviike m'madzi masiku awiri kapena atatu, chifukwa aawisi ali ndi utomoni. Makala muwatsuke fumbi. Mphika ukhale waung'ono wongokwana mizu, wa mabowo pansi ndi m'mbali, makamaka woonekera mkati kuti muziona mizu. Tsinde likhale pamwamba pa makungwa, lisakwiririke. Dikirani masiku 4 musanathirire. Ngakhale itatsala mizu iwiri yokha, duwalo likhoza kupulumuka. Masamba okwinyikawo mwina sadzawongokanso, inu muziyang'ana tsamba latsopano pakati.

Mayi a Chisomo:
Achimwene anena zoona. Ine ndifotokoze za kathiriridwe, chifukwa pamenepo m'pomwe ambiri amaphera maluwawa.

Musamawerenge masiku, muziyang'ana mizu. Ikakhala yobiriwira, ilekeni. Ikatuwa ndipo mphika wapepuka m'manja, nthawi yakwana. Kuno kwathu zimenezi zimakhala pafupifupi kamodzi pa sabata. Mu Okutobala ndi Novembala, kukatentha, zimafika pa masiku 4 kapena 5, pamene mu Juni ndi Julayi mpaka masiku 10 kapena kuposa.

Thirirani m'mawa. Ikani mphika m'beseni, madzi afike pakamwa pa mphikawo koma osakhudza masamba, kwa mphindi 10 mpaka 15. Utulutseni, udonthe mpaka usiye, ndiye muubweze mumphika wokongoletsera uja mutakhuthulamo madzi onse. Madzi akalowa pamtima, pamene masamba amakumanirana, apukuteni msanga ndi kapepala kofewa. Akagona pamenepo mtima umawola, masamba amathothoka limodzilimodzi, ndipo Phalaenopsis ili ndi mtima umodzi wokhawo.

Madzi abwino koposa ndi amvula. Apampopi nawonso ali bwino mukawasiya m'ndowa usiku wonse. A pamjigo ena ali ndi mchere, mudzaona zoyera zikuundana pa makungwa ndipo nsonga za mizu zikuda. Zija mumaona pa intaneti zoika ayezi mumphika, chonde zisiyeni. Duwa la kotentha silifuna madzi ozizira chotero, ndiponso timadzi ta ayezi sitinyowetsa makungwa onse.

NaBanda wa ku Area 25:
Zikomo kwambiri. Ndazula, ndapeza mizu itatu yokha yamoyo, ndipo pakati padali ndere zonyowa zothinana ngati siponji. Feteleza ndingathire wa chimanga yemweyu?

Bambo Nkhoma:
Ayi mayi, D compound kapena urea wa mibulu awotcha mizuyo. Pakali pano musathire chilichonse kufikira mutaona nsonga zatsopano zobiriwira pa mizu. Zikatero, pezani feteleza wosungunuka m'madzi monga 20-20-20, kota ya supuni ya tiyi m'malita 4, pa kuthirira kwachiwiri kulikonse. Kamodzi pa mwezi tsanulirani madzi okhaokha ambiri kuti atsuke mchere wotsalira. Ndere zija ogulitsa amaziika dala kuti duwa lisaume m'sitolo, koma m'nyumba zimasunga madzi nthawi yaitali. Mwachita bwino kuzichotsa.

Za phesi palibe amene wakuyankhani. Duwa likakhala lamphamvu, phesi lidakali lobiriwira, mutha kudula sentimita imodzi pamwamba pa mfundo yachiwiri kuchokera pansi, nthawi zina limatulutsa nthambi ya maluwa ena. Koma lanuli ndi lodwala, dulani phesi lonse pafupi ndi tsinde kuti mphamvu zipite ku mizu.

Liikeni pafupi ndi zenera la kum'mawa, kuseri kwa katani yopyapyala. Dzuwa la masana limasiya zipsera pa masamba, ndipo masamba obiriwira mobiriwiratu mpaka kuderako amasonyeza kuti kuwala kwachepa. Chimene chimautsa phesi latsopano ndi kuzizira kwa usiku, madigiri 13 mpaka 16 kwa masabata angapo, ndiye Juni wathu amagwira yekha ntchito imeneyi. Chaka chino musayembekezere maluwa.

Muziyang'ananso kunsi kwa masamba. Mukaona tizilombo toyera ngati thonje, tofanana ndi kodikodi wa m'chinangwa, tipukuteni ndi thonje loviika mu sipiriti, mubwereze kamodzi pa sabata kwa masabata atatu.

Mayi a Chisomo:
Kachinthu kamodzi kwa ena owerenga: malangizo onsewa ndi a ma orchid omera pa mitengo. Aja a m'madambo a ku Nyika, monga Disa ndi Satyrium, amene mizu yake amapangira chikanda, amamera m'dothi ndipo amadalira nthaka ya komweko. Musawakumbe kuti mukabzale pakhonde, amangofa.