Kusiyanitsa "piracy" ndi chifwamba china cha panyanja

Womasulira nkhani za pa wailesi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikumasulira nkhani ya chitetezo cha sitima zapamadzi, ndipo mlembi wake wasiyanitsa "piracy" ndi "armed robbery at sea" m'ndime imodzi. Ine ndalemba "chifwamba cha panyanja" pawiri ponse, tsono mkonzi wandibwezera pepala atazunguliza mawuwo ndi cholembera chofiira. Nkhaniyi iulutsidwa mawa m'mawa.

Womasulira wa kukhoti:
Mayi, mkonziyo sanalakwe, pakuti m'malamulo chimasiyanitsa milandu iwiriyi ndi malo amene chiwembu chachitikira. Pangano la United Nations la malamulo a panyanja la 1982, pa gawo 101, limatcha "piracy" kuukira kochitikira m'madzi amene sali m'manja mwa dziko lililonse, pamene anthu a m'chombo chimodzi aukira chombo china pofuna phindu lawolawo. Zikachitikira padoko, kapena mkati mwa makilomita pafupifupi 22 kuchokera kugombe, imeneyo ndiyo "armed robbery at sea", ndipo mlanduwo ndi wa dziko la eni madziwo. Koma zikachitikira kutaliko, sitima yankhondo ya dziko lina lililonse ili ndi mphamvu yogwira achifwambawo, monga asilikali a ku America anachitira mu 2009 populumutsa Richard Phillips, woyendetsa sitima ya Maersk Alabama, amene anagwidwa ndi achifwamba a ku Somalia.

Mkonzi wa mabuku a sukulu:
Ndikugwirizana nanu, bambo, koma ine chikundidetsa nkhawa ndi liwu loti "nyanja". Agogo akumvera wailesi ku Nkhata Bay akamva za chifwamba cha panyanja, maganizo awo athamangira kwa anyamata oba maukonde ndi mainjini a maboti usiku, pamene Nyanja ya Malawi yonse ili m'malire a mayiko, kotero "piracy" ya m'panganolo singachitikeko. Muwonjezere "yamchere".

Ndiponso chonde musayesedwe kulemba "zigawenga", ngakhale liwuli limamveka lamphamvu pa wailesi. Amene analanda sitima ya Achille Lauro mu 1985 anakwera ngati apaulendo, chombo chachiwiri panalibe, ndipo cholinga chawo chinali cha ndale. Amenewo ndiwo zigawenga. Achifwamba a ku Somalia ankafuna ndalama.

Womasulira wa kukhoti:
Ndiye tichite chonchi. Pa "piracy", poyamba mulembe mokwanira kuti "chifwamba cha panyanja yamchere, kunja kwa malire a mayiko", kenako muzifupikitsa kuti "chifwamba cha kunja kwa malire". Chinacho chikhale "chifwamba cha m'madzi a dziko". Liwu loti "mbava" ndalisiya dala, chifukwa mbava ikhoza kuba mwakachetechete eni ake ali m'tulo, pamene wachifwamba amalanda moopseza ndi zida.

Womasulira nkhani za pa wailesi:
Zikomo kwambiri nonse. Ndawerenga ndimeyo mokweza kawiri, ndipo ngakhale mawu oyambawo ndi aatali, akukwana mpweya umodzi. Pa ndalama zowombolera ogwidwa ndalemba "dipo", ndipo mkonzi wavomera.