Thandizeni kuwerenga deti la Mordad pa paketi ya tende

Abale ndi alongo, ndili ndi funso. Achimwene anga anandibweretsera makatoni awiri a tende wa ku Iran, uja wakuda wofewa wotchedwa Mazafati wochokera ku Bam. Pakatoni palembedwa 1404/05/15, ndipo mayi akukana kuti ana adye, akuti mwina anatha kale ntchito.

Poyamba ndinkayesa kalendala ya Chisilamu yoyendera mwezi, koma ayi, iyi ndi yoyendera dzuwa. Chaka chawo chimayamba pa Nowruz mu Malichi, ndipo miyezi 6 yoyambirira ili ndi masiku 31. Ndiye mwezi wachisanu ndi Mordad, wa pakati pa nyengo yawo yotentha, kuyambira cha pa 23 Julayi kufika pa 22 Ogasiti. Nditawonjezera 621 pa chakacho, ndapeza 6 Ogasiti 2025.

Kodi ndawerenga bwino? Chikundivuta kwambiri n'choti mawu ali pambali pa nambalayo ndi a Chiperisiya. Kodi ili ndi tsiku lopakira kapena lothera ntchito? Tendeyo akununkhira bwino, alibe nkhungu, ndipo kumutaya kukundiwawa mtima. Amene munakhalako ku Iran kapena mumawerenga zilembo zawo, chonde ndithandizeni.