Gulu la Banja: Za Chiliza cha Agogo

Amalume: Mwaswera bwanji nonse. Chiliza cha mayi chatha, amisiri achoka dzulo. Tivundukula Loweruka loyamba la Ogasiti monga tinapangana. Zatsala ndi ndiwo, mpunga, galimoto yokatenga abusa, ndi K600,000 ija tinati tiike pa denga la tchalitchi m'dzina la mayi.

Amayi Aang'ono: Amvano ati abwera onse. Mbuzi imodzi sikwana achimwene, musadzatichititse manyazi.

Achimwene (Leeds): Amalume, ya chakudya ndi ya galimoto nditumiza mawa. Koma ya dengayo ndikupempha tiionenso. Ana awiri a malemu amayi aakulu fizi yawo sinakwane. Kuno matchalitchi ena anawasandutsa nyumba zogona, ena malo omwera mowa. Kalembera wa 2021 anapeza kuti ku England ndi Wales odzitchula Akhristu ndi 46 pa anthu 100 alionse, koyamba kuchepera theka. Munthu akakhala ndi chipatala chaulere ndi penshoni sathamangiranso kwa abusa. Ifeyo chikutimangirira ndi umphawi basi.

Amayi Aang'ono: Iwe, ukunenawo ndi mayi angatu.

Achimwene (Leeds): Pepani mayi, sindikunyoza agogo.

Achemwali (Doha): Achimwene mudzabwere kuno mudzaone umphawi mukunenawo. Qatar ndalama za gasi zachita kusefukira, koma Lachisanu ntchito kulibe, masitolo amatseka nthawi ya swala ya masana. Pa Ramadan lamulo limati ntchito ndi maola 6 pa tsiku, ndipo kudya poyera dzuwa lisanalowe nkoletsedwa. Chuma chimadzera m'manja mwa boma, boma lomwelo nkumamanga mizikiti ndi kulipira maimamu. Ndiye chuma chikamakula chipembedzo chichepa bwanji? Akhristu amasonkhana ku Mesaimeer. Tchalitchi cha Katolika kumeneko chinatsegulidwa mu 2008, kunja kwake kulibe mtanda kapena belu, koma pa Lachisanu mumadzaza anthu a ku Philippines ndi ku India.

Achimwene (Leeds): Kumeneko ndi lamulo limenelo, si mtima wa munthu.

Mng'ono (Seoul): Nanga kuno lamulo lake ndi liti achimwene? Palibe amakakamiza munthu. Nkhondo itatha mu 1953 South Korea inali m'gulu la mayiko osaukitsitsa, ndipo mipingo inakula zaka zomwezo zimene mafakitale ankakula. Anthu ankasiya midzi kubwera ku Seoul opanda mbale aliyense, tchalitchi nkukhala kumudzi kwawo. Ntchito ankaimvera komweko, mkazi ankampeza komweko, maliro ankawaikira omwewo. Yoido Full Gospel anaiyamba David Yonggi Cho ndi Choi Ja-shil mu 1958, ankapempherera mu tenti, mpaka inadzafika pa mamembala mazana a zikwi. Lero lino pali anthu amadzuka 5 koloko m'mawa kukapemphera asanapite ku ofesi, ena pa galimoto zodula.

Alamu (Joni): Pepani ndilowerere. Chitenje cha banja tikusoketsa kapena aliyense avala zake?

Amayi Aang'ono: Dikirani kaye alamu.

Mng'ono (Seoul): China chimene ine chinandidabwitsa ndi ichi. Atsamunda a kuno sanali azungu obwera ndi Baibulo, anali a Japan, kuyambira 1910 mpaka 1945. Pa 1 Malichi 1919 anthu 33 anasayina chikalata chofuna ufulu, 16 mwa iwo anali Akhristu. Sukulu ngati Ewha, ya atsikana, anaiyambitsa amishoni mu 1886. Ndiye anthu sanaione mipingo ngati katundu wa mdani. Atalemera sanaone chifukwa choitayira.

Achimwene (Leeds): Unenenso zonse mphwanga. Achinyamata akumeneko akupitabe?

Mng'ono (Seoul): Ambiri asiya, sindikana. Kalembera wa 2015 anapeza 56 pa 100 opanda chipembedzo. Koma anzanga a m'kalasi ukawafunsa satchula za kulemera. Amatchula abusa osiyira ana awo mipingo ngati munda, ndi milandu ya ndalama. Cho yemweyo khoti linampeza wolakwa mu 2014 pa nkhani ya ndalama za mpingo.

Amayi Aang'ono: Ine zakunjazo sindizidziwa. Ndimadziwa kuti chipatala cha Daeyang Luke kuno ku Lilongwe anamanga ndi Akhristu a ku Korea, ndi ndalama zawo. Akanakhala kuti atalemera anaiwala Mulungu bwenzi chipatalacho kulibe.

Amalume: Ndamva nonse. Mphwanga wa ku Leeds, za fizi wanena zoona. Koma mverani. Bambo atamwalira ife tinali ana, amene ankabwera ndi ufa ndi nkhuni mpaka tinakolola anali Amvano a pa tchalitchi pomwepo. Mayi asanadwale anandiuza okha za dengalo, kuti likudontha pomwe amakhala azimayi okalamba. Sindingakaime pa manda awo nditabweza mawu. Denga likhale K400,000, K200,000 ipite ku fizi. Akulu a mpingo atilembere lisiti, ndidzaiika pano aliyense aione.

Achimwene (Leeds): Ngati lisiti ikhalapo ndavomera. Pa fizi ndiwonjezera K100,000 yanga.

Achemwali (Doha): Ine ndigula mbuzi yachiwiri. Nditumiza ndalama mwezi ukatha.

Mng'ono (Seoul): Ine ndi mwana wa sukulu, mundikhululukire. Ndilipira mpunga thumba limodzi. Wina adzandiyimbire pa vidiyo nthawi yovundukula, kuno kudzakhala madzulo, tinasiyana maola 7.

Amayi Aang'ono: Netiweki kumanda imavuta, tidzayesa pa chulu paja.

Alamu (Joni): Ndiye chitenjecho?

Amalume: Aliyense avale zake alamu. Ndalama zonse zifike kwa amayi aang'ono pasanafike pa 15 Julaye.