Ndiwatenge mayi anga kokaonera mafilimu a ku Japan awa?

Mwana_wachisamba:
Abale anga, ndithandizeni nzeru. Sabata ino akuonetsa pagulu mafilimu a ku Japan, onse okhudza moyo wosalira zambiri ndi kuchira kwa mtima. Dzulo ndinaonera Little Forest ya 2014. Mtsikana wachoka mumzinda n'kubwerera kumudzi kwawo kumpoto kwa Japan. Akulima mpunga, akuphika, basi. Mulibe ndewu, mulibe kuthamangitsana. Penapake nyumba yonse yadzaza chinyontho, iye n'kukoleza mbaula yankhuni nthawi yotentha kuti muume, kenako n'kuphikiramo buledi kuti moto usapite pachabe. Holo yonse inali zii, ndipo ndinatuluka mtima uli m'malo.

Chimene ndikufunsira n'chakuti chimwalirireni bambo chaka chatha, mayi sakutuluka m'nyumba. Loweruka kukhala filimu ya Naomi Kawase yotchedwa An. Ndiwatenge, kapena ndingowatosa pachilonda?

Namwino_wopuma:
Pepani ndi zovutazo, mwanawe. Ya Loweruka ija ndinaionera, ndipo ndikuuzeni zoona, si yopepuka. Inatuluka mu 2015. Gogo wina dzina lake Tokue akupempha ntchito pa kashopu kogulitsa dorayaki, timakeke tiwiri tophatikizana, pakati pali nyemba zofiira zotsekemera. Gogoyo amadzuka kusanache, kutsuka nyembazo, kuziwiritsa pang'onopang'ono, nkhope ataiyandikiza pampoto ngati akuzimvetsera. Makasitomala n'kuchuluka. Koma zala zake n'zopindika chifukwa anadwalapo khate, ndipo mphekesera zitafala anthu anasiya kugula. Ku Japan lamulo lotsekera odwala khate kumalo awoawo linathetsedwa mu 1996, matendawo atakhala kale ndi mankhwala kwa zaka zambiri. Zimenezi zimandiwawa kwambiri monga munthu amene ndinagwirapo ntchito yosamalira odwala.

Komanso dziwani kuti kumapeto gogoyo amamwalira. Kirin Kiki amene anasewera mbali imeneyi nayenso anatisiya mu 2018. Sindikuti musawatenge ayi, kulira nako kumapepuza. Koma auzeni kaye, asankhe okha.

Wokonda_kanema:
Ndikugwirizana ndi amayi pamwambapa. Ngati pamndandanda pali Kamome Shokudo ya Naoko Ogigami, ya 2006, yambirani imeneyo. Mayi wa ku Japan watsegula kalesitilanti ku Helsinki, likulu la dziko la Finland, masiku n'kumapita popanda wolowa, iye osatekeseka, akungopukuta matambula. Muli nthabwala zofatsa ndipo mulibe maliro.

Anthu ambiri amati mafilimu oterewa anayamba kukondedwa kwawoko chifukwa cha zimene dzikolo linadutsamo: chuma chinagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndiye mu 1995 kunachitika chivomezi cha ku Kobe ndi kuthira mpweya wakupha m'sitima zapansi ku Tokyo. Anthu anatopa ndi phokoso.

Chinanso, amalankhula Chijapanizi, ndiye khalani pafupi ndi kutsogolo kuti mayi aziona bwino mawu olembedwa m'munsi.

Mlimi_weniweni:
Ine mundikhululukire, Little Forest inandisangalatsa koma isakunamizeni kuti moyo wakumunda ndi mpumulo. Onetsetsani thukuta la mtsikanayo popalira m'munda wampunga, tizilombo tikumuluma. Ndiponso mayi ake anamusiya yekha m'nyumbamo osatsazika. Chakudya chilichonse chimene akuphika akukumbukira mmene ankaphikira mayi akewo. Kwa ine mtendere wa m'filimuyo ukuchokera pamenepo: manja ali pantchito tsiku ndi tsiku ngakhale mtima ukupweteka. Mayi anu amakonda kuphika? Ngati amakonda, mwina imeneyi ndi imene ingawafike pamtima.

Mwana_wachisamba:
Zikomo nonse. Achimwene alimi, mwalasa: kuphika ndi kumene mayi anasiya. Ndawafotokozera usiku uno za gogo Tokue, zonse, ngakhale za kumapeto. Anakhala duu kanthawi, kenako anafunsa kuti nyembazo amaziphika maola angati. Ati Loweruka tipite, koma tikakhale pafupi ndi khomo kuti zikawavuta tithe kutuluka.