Marathon ya m'njira za fumbi ku Chongwe: tiyambire pati?

Mlembi wa Gulu, Chelstone

Akuluakulu, moni. Gulu lathu lothamanga likufuna kukonza marathon yathunthu, makilomita 42.195, kufupi ndi tauni ya Chongwe. Sitikufuna phula la Great East Road chifukwa cha malole, tikufuna njira za fumbi zodutsa m'midzi ndi m'minda. Tikuyembekezera othamanga pafupifupi 150, ena a marathon yathunthu, ena a theka, ena a mtunda waufupi. Ndalama n'zochepa. Mafunso anga ndi awa: mwezi wabwino ndi uti, njira tiyeze bwanji kuti isaperewere, madzi akhale ochuluka bwanji, ndipo chilolezo tikapemphe kwa yani? Amene mumadziwa tithandizeni.

Mphunzitsi wa Masewera, Kabwata

A Mlembi, musanaganize za mamendulo ndi masikipa, yambani ndi funso ili: munthu akagwa pa kilomita 33, galimoto imupeza patatha mphindi zingati? Njira yanu yonse ichokere pa yankho limenelo. Kanjira kokongola kodutsa m'phiri, koma kopanda polowera galimoto kwa makilomita 8, kasiyeni.

N'chifukwa chake ndikukuletsani njira imodzi yaitali yochokera uku kukathera uko. Ndi anthu ochepa ndi ndalama zochepa simungailondere. Pangani mizungulire iwiri yokumana pamalo amodzi, ngati nambala 8, uliwonse wa makilomita 10.55. Pokumanapo pakhale pabwalo la sukulu kapena la mpira. Wa mtunda waufupi azungulira umodzi, wa theka azungulira yonse iwiri kamodzikamodzi n'kukwana 21.1, wa marathon aizungulira kawiri n'kukwana 42.2. Mukatero njira yolambula ndi kuikamo zizindikiro ndi makilomita 21 okha, aliyense amadutsa pabwalo akatha makilomita 10 ndi theka, ndipo palibe amene amatalikira anamwino kuposa makilomita 5 kapena 6. Wotopa amasiyira pomwepo pabwalo, simukamufuna kutchire. A mtunda waufupiwo muwauziretu kuti ndi 10.5, osati 10, chifukwa anthu a mawotchi sachedwa kudandaula.

Za mwezi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo iwalani, madambo amakhala odzaza ndipo dothi lofiira likanyowa limaterera ngati therere. Seputembala ndi Okutobala dzuwa lake ndi loti pofika 9 koloko mwayamba kale kunyamula anthu. Kwatsala Meyi mpaka Ogasiti. Ine ndingasankhe Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi. Mu Meyi udzu ukadali wautali ndipo pena chimanga chikadali m'munda. Mu Ogasiti mphepo yakula, fumbi lachuluka, tchire likupsa, utsi umadzaza njira ndipo moto umadya zizindikiro zanu usiku umodzi.

Mu Juni kuno dzuwa limatuluka cha m'ma 6:30. Pa phula mukhoza kuyamba kukadali mdima, koma pa kanjira ayi, munthu ayenera kuona chitsa ndi una. A marathon anyamuke 6:30, a theka 7:00, a mtunda waufupi 7:30, ndipo awa otsirizawa ayambire mzungulire wachiwiri kuti asapanikizane ndi anzawo pa kanjira kopapatiza. Perekani maola 7. Amene sanamalize mizungulire itatu pofika 11:45 asalowenso wachinayi, muchotseni nambala. Lamulo limeneli lilembedwe pa fomu yolembetsera, apo ayi mudzakangana naye pabwalo.

Alendo ochokera kumalo otsika ngati ku Siavonga kapena kuchigwa cha Luangwa muwakumbutse kuti Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200. Mpweya umawathera msanga pa zitunda.

Wa Njinga, Mtendere

Aphunzitsi anena zoona pa nambala 8. Ine nditenge za kuyeza, poti apa ndi pomwe mipikisano yaing'ono imachitira manyazi.

Foni kapena wotchi ya GPS musaikhulupirire yokha. Pa kanjira kokhotakhota imadula makona, pansi pa mitengo imasochera, ndipo mafoni awiri m'thumba limodzi amapereka manambala osiyana. Kuphonya kwa 1 peresenti pa marathon ndi mamita 422. Akatswiri amayeza ndi njinga yokhala ndi kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa gudumu, kotchedwa Jones counter, pa gudumu lakutsogolo, ndipo amawonjezera mita imodzi pa kilomita iliyonse, mamita 42 pa marathon yonse, kuti njira isaperewere. Ngati kachipangizoko simukapeza, njinga wamba yokhala ndi kamita kowerenga pa gudumu imagwira ntchito, bola muikonze motere.

Pezani malo owongoka a dothi lofanana ndi la njira yanu. Yezani mamita 300 ndi tepi yachitsulo, osati yansalu chifukwa imatamuka, mukhome zikhomo kumayambiriro ndi kumapeto. Popani matayala, wokwera akhale yemweyo tsiku lonse. Akwere mamita 300 amenewo kanayi, kawiri kupita kawiri kubwerera, muone kamita kakunena chiyani, musinthe nambala ya kuzungulira kwa gudumu mpaka zigwirizane. Izi si zachibwana: gudumu la njinga limayenda pafupifupi mamita 2.1 likazungulira kamodzi, ndiye mukaphonya ndi sentimita imodzi yokha, pa marathon mwaphonya ndi mamita 200. Mukamaliza kuyeza njira bwererani pa mamita 300 aja muonenso, chifukwa tayala la m'mawa kozizira ndi la masana si limodzi, ndiye pali minga.

Poyeza tsatani mzere waufupi kwambiri womwe wothamanga angadutse, kudula makona monga iye adzadulire. Pamchenga gudumu limaseseleka n'kunama, pamenepo tsikani muyeze ndi tepi. Mzungulire uliwonse uyezedwe kawiri. Zikasiyana, tengani chomwe chikusonyeza kuti njira ndi yaifupi, muwonjezere. Kusintha kwake chitirani pabwalo, posuntha pokhotera, osati kutchire.

Koma muuze anthu chilungamo: njira ya m'tinjira sipatsidwa satifiketi ngati ya pamsewu, choncho nthawi imene munthu wapeza pamenepo si yoti akalowere nayo mpikisano waukulu wakunja.

Zizindikiro tsopano. Maliboni a pulasitiki okongola aja ana amatola, mbuzi zimatafuna. Gwiritsani laimu. Jambulani mivi pansi dzulo lake madzulo, ndipo m'mawa 5 koloko wanjinga wokhala ndi tochi adutsenso ndi kachidebe. Pa mphambano iliyonse muike mivi itatu: umodzi mamita 20 musanafike, wina pokhotera penipeni, wina mamita 20 mutakhota woti munthu atsimikize kuti ali panjira. Njira yosayenera muitseke ndi mzere wa laimu wopingasa. Powongoka, chizindikiro pa mamita 200 kapena 300 alionse. Munthu wa pa kilomita 38 mutu sukugwiranso, akayenda mphindi zitatu osaona kanthu amabwerera kapena kulowera kwina.

Pa mphambano zikuluzikulu paime munthu. Ndipo kumalekezero kwa mzungulire uliwonse, kutali kwenikweni ndi bwalo, pakhale awiri, wina kuitana nambala wina kulemba m'kope. Pa nambala 8 njira zachidule ndi zambiri ndipo anyamata a komweko amazidziwa zonse. Amene nambala yake mulibe m'kope mphoto asaione.

Namwino, Kalingalinga

Abambo awiriwa akonza njira, ine ndilankhule za anthu oyendamo.

Madzi. Malamulo a World Athletics, bungwe loyang'anira mipikisano yothamanga pa dziko lonse, amati pa mipikisano yaitali pakhale pomwera pafupifupi makilomita 5 alionse. Pa fumbi, pomwe anthu amachedwa, ndingakonde pa makilomita 3.5 alionse: malo awiri pa mzungulire uliwonse kuphatikiza pabwalo, onse pamodzi asanu. Werengani motere. Munthu mmodzi akadutsa kamodzi, muikireni mamililita 400, akumwa ndi odzithira kumutu. Anthu 100 akadutsa ndi malita 40, zigubu ziwiri za malita 20. Werengani kuti pamalopo padutsa anthu kangati, a marathon kawiri, kenako muwonjezere chigubu chimodzi chapadera. Pabwalo pakhale dilamu la malita 200. Madzi a pa mjigo kapena pachitsime athiridwe klorini monga mwalembedwera pa botolo, adikire mphindi 30, ndipo zigubu zikhale zoti sizinasungepo dizilo kapena mankhwala a m'munda. Makapu musadzaze, theka basi, wothamanga samwa kapu yodzaza, amangodzithira m'mphuno.

Madziwo apite dzulo lake kapena mbandakucha. Pomwe galimoto siifika, ngolo ya ng'ombe imafika.

Cholakwika chomwe anthu sachidziwa n'chakuti madzi ochuluka amaphanso. Wothamanga pang'onopang'ono amene akumwa pamalo paliponse kwa maola 6 amasungunula mchere wa m'magazi. Amatupa zala, mutu umawawa, amasanza, amasokonezeka, ndiye anthu achifundo amamuwonjezera madzi. Auzeni ogawa madzi kuti asakakamize munthu kumwa. Pamalo alionse pakhale madzi a mchere ndi shuga: mapaketi a ORS, kapena lita imodzi ya madzi, timasupuni ta tiyi 6 tosasefukira ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Nthochi zodula pakati, malalanje, mbatata yophika yowaza mchere, zimenezi Juni sizisowa.

Wogwa chifukwa cha kutentha mumamudziwa ndi mutu wake: akudzandira, akuyankha zosagwirizana, mwina akuchita ndewu. Angakhale akutuluka thukuta, musanyengeke. Ngakhale mu Juni zimachitika, makamaka kuyambira 11 koloko. Muziziritseni pomwepo musanamukweze galimoto. Pabwalo pakhale bafa lalikulu kapena tenti ya lole yopindidwa ngati chidebe, madzi ndi ayezi wa m'makulabokosi. Kutchire muikeni pamthunzi, mumuvule zothina, mumuthire madzi thupi lonse n'kumukupiza. Amene sakudzidziwa musamumwetse kanthu.

Zambiri zomwe mudzaone ndi zing'onozing'ono: kubinya akakolo, matuza, mawondo osupuka pa nsangalabwi. Mukhale ndi mabandeji otamuka, pulasitala, thonje, mankhwala otsukira bala, magolovesi, mafuta a Vaseline, ndi machira awiri. Mabulangete asaiwalike, womaliza wanyowa thukuta ndipo mphepo ya Juni ikamuwomba amanjenjemera.

Polambula njira yang'anani chitedze. Nyengo imeneyo ndi pomwe chauma, ndipo chikangokhudza mwendo wa munthu mpikisano wake wathera pomwepo. Chichotseni kudakali sabata ziwiri, m'mawa kukadali mame, ubweya wake usanayambe kuuluka. Zitsa zing'onozing'ono zotsala mukatchetcha ndi chikwakwa n'zoopsa kuposa udzu womwewo, zizulidwe kapena zipakidwe laimu. Mphiri imakonda kugona panjira ndipo sithawa, ndiye wanjinga azitsogola. Wina akalumidwa, osatema, osayamwa, osamanga chingwe. Agone, mwendo usagwedezeke, apite kuchipatala.

Lemberani kalata chipatala cha boma cha Chongwe kudakali mwezi kuti adziwe tsiku. A Zambia Red Cross kapena a St John mukhoza kuwapempha anthu a chithandizo choyamba. Galimoto imodzi yotha kudutsa m'njira zokumbika ikhale ya odwala okha, isatumidwe kukatenga nthochi. Netiweki muiyeseretu pamalo alionse omwera madzi, MTN ndi Airtel zonse, pomwe sizigwira paime wa njinga yamoto.

Wa Njinga, Mtendere

Amayi anamwino, pa makapu pokha ndikusiyana nanu pang'ono. Makapu a pulasitiki 2,000 m'minda ya anthu ndi mlandu, ng'ombe ikadya imodzi simudzabwererakonso chaka chamawa. Aliyense abwere ndi kabotolo kake kapena kapu yopinda, ogawa azithira ndi jagi. Makapu akhale a atsogoleri okha omwe akulimbirana mphoto, ndipo thumba la zinyalala likhale mamita 50 kutsogolo kwa tebulo, osati pambali pake, chifukwa munthu amataya atathamanga kale.

Mkulu wa ku Chinkuli

Ana anga, zonsezi n'zabwino, koma njira zimenezo zili ndi eni ake. Funso la chilolezo lija palibe waliyankha.

Dera la Chongwe ndi la Asoli, pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Simungangotulukira ndi laimu m'mudzi mwa anthu. Yambani ndi mafumu a midzi yonse yomwe njira ikudutsa, mupite nokha, osati pa foni, ndipo musapite chimanjamanja. Iwo ndi amene adzakuuzeni ngati nkhaniyo ikuyenera kukafika kunyumba ya mfumu yaikulu, adzakuuzaninso kuti apa ndi pamanda musadutsepo, apa mwini munda ndi wovuta, apa pali agalu olusa. Pomwe pali famu ya waya, chilolezo cha mwini chikhale cholembedwa, ndipo mudziwe amene adzasunge kiyi wa geti tsikulo. Kenako makalata: ku khonsolo ya Chongwe, kupolisi, kwa ahedi a sukulu ngati mukufuna bwalo ndi zimbudzi zawo, ndi ku Zambia Athletics kuti mpikisano udziwike. Miyezi itatu isanakwane makalata akhale atapita, ndipo kope lililonse lidindidwe kuti lalandiridwa.

Oimirira pa mphambano tengani achinyamata a m'midzi momwemo, muwapatse chakudya, sikipa ndi kangachepe. Laimu woikidwa ndi mwana wa pamudzi safufutidwa. Mulengeze kutchalitchi Lamlungu lake kuti agalu amangidwe, ng'ombe zitulutsidwe mochedwa kapena zilowere kwina. Muchite Loweruka, koma mufunse ngati kulibe msika kapena ukwati. Mbandakucha njira zimenezo zimadzaza njinga za makala zopita ku Lusaka, matumba atapingasa njira yonse, ndipo potsetsereka mabuleki ake ndi phazi. Pomwe njira yanu ikukumana ndi yawo paime munthu wamkulu wokhala ndi mbendera yofiira.

Maliro sapangana. Mukhale ndi kanjira kena koyezeratu kolambalala mudzi uliwonse waukulu, chifukwa simungadutse ndi malikhweru pakhomo pomwe anthu akulira.

Mlembi wa Gulu, Chelstone

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba. Nambala 8 tatenga. Funso lotsala: tidziwa bwanji kuti kutchire sikunatsale munthu?

Mphunzitsi wa Masewera, Kabwata

Manambala muwasiyanitse mitundu, wofiira wa marathon, wobiriwira wa theka, woyera wa mtunda waufupi, ndipo kumbuyo kwa nambala munthu alembe dzina, foni ya wachibale ndi matenda amene ali nawo. Ponyamuka muchonge m'kaundula amene wanyamukadi, osati amene analipira. Pabwalo pakhale kope la mzungulire uliwonse. Wosiyira panjira apereke nambala yake pa tebulo la madzi lapafupi, a patebulo aimbe foni kubwalo nthawi yomweyo. Kumbuyo kwa wotsiriza kuziyenda anthu awiri pa njinga, ndipo tebulo lisapasulidwe awiriwo asanadutse. Onyamuka, kuchotsapo omaliza, kuchotsapo osiya, yankho likhale 0. Likakhala 1, mphoto ziyambe zadikira, njinga zamoto zibwerere kuyambira pa kope lomaliza pomwe nambalayo inalembedwa.