Ana 118 ku myuziyamu ya ku Mangochi: aphunzirako bwanji simple machines?

Madamu a Sitandade 7, kufupi ndi boma:
Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga. Ndithandizeni nzeru. Teremu ino tili pa mutu wa simple machines (zipangizo zosavuta zopeputsa ntchito) ndipo ndinapempha a hedi kuti ndikayende ndi ana ku Lake Malawi Museum. Iwo avomera, koma a komiti ya sukulu akuti ku myuziyamu kuli mbiri yakale, nanga sayansi ikulowa pati? Akuopa kuti ana akangotaya tsiku. Chinanso, ana ndili nawo 118, nyumbayo ndi yaing'ono, ndipo ndalama ya galimoto palibe. Sindikufuna ulendo woti ana akangoyang'ana zinthu n'kubwerako akudziwa kuti kunali mfuti basi. Amene munapitako ndi kalasi, munayendetsa bwanji?

A hedi, Namwera:
Madamu, a komiti afunsa bwino, musawadandaule. Ayankheni ndi pepala. Lembani success criteria (zimene mwana ayenera kutha akamaliza phunziro) zitatu zokha, zomwe zili kale mu sikimu yanu, ndipo pa iliyonse muonetse chinthu chimene mwana akachione kumeneko. Kalata yopita kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera) ituluke msanga, ya makolo isainidwe, a mother group awiri kapena atatu apite nanu. Ndipo musaike ulendowu Lachisanu. Ana ambiri kuno amapita ku mzikiti masana, mudzapezeka theka la kalasi likufuna kubwerera nthawi isanakwane.

Bambo wa sayansi, Malindi:
Sayansi ilimo yambiri, vuto ndi loti palibe amene anailemba pa khoma. Mukalowa muona mbali ya kutsogolo ya sitima ya Guendolen imene anaimanganso m'nyumbamo, pamalo pamene woyendetsa ankaima. Chiongolero cha sitima ndi wheel and axle: dzanja limazungulira bwalo lalikulu, mtanda wapakati umazungulira pang'ono koma ndi mphamvu zambiri. Mwana amene wagwirapo handulo ya njinga ya kabaza amva msanga. Mukafika pa zipangizo za asodzi ndi za kumudzi mupeza lever (ndodo yotsamira pena posuntha katundu) ndi wedge (chakuthwa chong'ambira) paliponse. Nsompho yosemera bwato, nkhwangwa, mpeni, nsonga ya mkondo, zonsezi ndi wedge. Ine ana anga ndimawapatsa funso limodzi loti alinyamule ulendo wonse: mphamvu ikulowa pati, katundu ali pati, chikutsamira pati? Akayankha zitatuzi pa chinthu chimene sanachionepo m'buku, mutuwo aumva.

Madamu a Sitandade 7, kufupi ndi boma:
Funso limenelo ndalikopera kale. Nanga inclined plane (malo otsetsereka) ndi pulley (kagudumu kodutsapo chingwe) ndikazipeza?

Achikulire opuma pa ntchito, Monkey Bay:
Mundilole nane ndiikepo mawu, ine ndaphunzitsa m'mbali mwa nyanja muno mpaka kupuma. Inclined plane ili m'nkhani ya mfuti yomweyo imene ana amaikonda. Mfuti ya Hotchkiss imene ili pafupi ndi nsanja ya wotchi, cha ku mlatho wa Bakili Muluzi, inachokera pa Guendolen. Sitimayi inayamba kuyenda pa nyanja mu 1899. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Kaputeni Rhoades anapita nayo ku Liuli, tsidya la Tanzania, kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Anaipeza ili kumtunda, ataikokera pa chitunda chotsetsereka chokonzerapo sitima. Apa ndiye pofunsa ana: sitima yachitsulo yolemera chonchija inatuluka bwanji m'madzi popanda woinyamula? Yankho analiona kale kudoko. Asodzi akamatulutsa boti sainyamula, amaikankha pa mchenga wotsetsereka, ena amayala mitengo pansi kuti igudubuke. Mtunda umatalika koma mphamvu imachepa.

Nkhani ina imene sindinkaisiya ndi ya sitima ya Chauncy Maples. Inapangidwa ku Glasgow, inabwera m'zidutswa 3,481, n'kudzailumikiza kuno kumwera kwa nyanja, ndipo inalowa m'madzi mu 1901. Zidutswa zambiri anthu anasenza pamutu. Koma boyila yake yolemera matani 11 sikanatheka kuigawa, ndiye anaikweza pa ngolo ya matayala achitsulo ndipo amuna 450 a Chingoni anaikoka ndi zingwe, popeza mathithi a mu Shire salola boti kudutsa. Ana apatseni samu: matani 11 ndi makilogalamu 11,000, agawe kwa anthu 450. Apeza makilogalamu 24 ndi pang'ono munthu mmodzi, osafika theka la thumba la chimanga. Ndiye afunseni chifukwa chake sanangoisenza. Aganize okha kuti anthu 450 sangakwane pansi pa boyila imodzi, koma pa chingwe chachitali akwana, ndipo tayala ndi limene likunyamula kulemera.

Mphunzitsi wa pa TP, Koche:
Zikomo kwambiri bambo, ine ndili pa TP, kuyeserera kuphunzitsa, ndipo izi ku koleji sitinamve. Koma akuluakulu ndili ndi nkhawa imodzi. Tikadzaza ulendo ndi sitima za azungu, ana sabwerako akuganiza kuti nzeru zopanga zinthu zinabwera pa sitima, makolo athu analibe?

Bambo wa sayansi, Malindi:
Nkhawa imeneyo ndi yoona ndipo ine imandikhudza kwambiri. Ndi chifukwa chake ndimayambira pa bwato, sitima imabwera pambuyo. Munthu amene anagwetsa mtengo, kuusema ndi nsompho mpaka ukhale wopepuka koma osabooka, n'kuulinganiza kuti usapendekeke pa mafunde a mwera, ameneyo anali injiniya. Osula ankayenga chitsulo m'ng'anjo ndi mvukuto kalekale sitima isanaoneke pa nyanja ino. Diwa la mbewa lija, kamtengo kakang'ono kamagwira mwala waukulu, ndi lever yeniyeni. M'kalasi mwanu muli ana a asodzi, madamu. Pa gawo limeneli asiyeni iwo afotokoze, ngakhale m'Chiyao, inu muzingowapatsa dzina la Chingerezi la pa mayeso akamaliza. Mwana amene sayankhula m'kalasi mudzamudabwa akafika pa ukonde ndi nkhafi.

Ndipo musaiwale mjigo wa pa sukulu panu. Yambiri mwa mijigo yathu ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo ntchito yoipanga inayambira m'Malawi muno kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, isanapitirire ku Kenya. Lero ili m'maiko ambiri. Ana amapopa tsiku ndi tsiku osadziwa zimenezi. Onjezani William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotayidwa ndi dayinamo ya njinga.

A hedi, Namwera:
Mjigo umenewo ukhale phunziro la tsiku loti mawa ulendo. Tengani tepi, ana ayeze kuchokera pa bawuti yomwe handulo imatsamira kufika pogwira, kenako kuchokera pa bawutiyo kufika pamene pamangidwa ndodo yolowa pansi. Agawe. Ndiye mwana mmodzi apope atagwira kumapeto, apopenso atagwira pafupi ndi mutu wa mjigo. Manja ake amuuza zimene choko sichingamuuze. Akapita ku myuziyamu adzakhala ndi chofanizira.

Madamu a Sitandade 8, Chilipa:
Ndikuwerenga zonse, ndi zabwino. Koma pa nkhafi samalani. Ena amati ndi third class lever (mphamvu pakati), ena second class (katundu pakati). Ana a mayeso asasokonezeke.

Bambo wa sayansi, Malindi:
Ine ndimati third class. Dzanja lakumwamba ndiye potsamira, lapakati likukoka, madzi ndiye katundu.

Achikulire opuma pa ntchito, Monkey Bay:
Ayi bambo, taonani bwino. Chimene tikufuna kusuntha ndi bwato, osati nyanja. Nkhafi ikamira, nsonga yake imakhala ngati yakhazikika m'madzi, bwato ndi limene limapita. Mukaona choncho potsamira pasanduka m'madzi. Onse awiri ali ndi mfundo, zikutengera waima pati, m'bwato kapena pagombe.

Madamu a Sitandade 8, Chilipa:
Ndiye mwaona. Akuluakulu awiri mwasiyana, nanga mwana? Maganizo anga: pa magulu atatu a lever gwiritsani zosakayikitsa. Mjigo ndi sizasi first class (potsamira pakati), wilibala second class, ndodo ya mbedza ndi tsache lalitali third class. Nkhafi ikhale funso lokambirana pobwerera, muwauze poyera kuti silolemba m'kope la manotsi.

Bambo wa sayansi, Malindi:
Ndavomera madamu. Koma lisachotsedwe, ana amakangana bwino pa funso limeneli.

Madamu a Sitandade 7, kufupi ndi boma:
Zasayansi zamveka. Tsopano 118 aja.

A hedi, Namwera:
Musalowe nawo onse. Agaweni pawiri, theka Lachiwiri, theka Lachitatu, otsala akhale ndi mnzanu wa kalasi ina ya Sitandade 7. Pa tsikulo muli ndi ana pafupifupi 60, muwagawe magulu atatu a 20, gulu lililonse ndi wamkulu wake. Gulu loyamba m'nyumba ya myuziyamu, lachiwiri pa nsanja ya wotchi ndi mfuti, lachitatu pamthunzi likujambula ndi kulemba zimene laona. Mphindi 30 zikakwana asinthane. Poti muli kufupi ndi boma, yendani pansi, munyamuke mmawa dzuwa lisanakwere, mwana aliyense ndi botolo la madzi. Kutentha kwa kuno simukufuna kuuzidwa. Pamsewu waukulu wamkulu mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo, njinga zamoto sizidikira. Ndipo mwana asatsikire kumtsinje ngakhale kukasamba m'manja, mu Shire muli ng'ona.

Inuyo mupiteko nokha sabata imodzi ulendo usanachitike. Mukambirane ndi ogwira ntchito za mtengo wa ana asukulu, muwauze mutu umene mukuphunzitsa, mufunse zimene ana aloledwa kugwira. Mukapanda kutero wofotokozera adzayamba mbiri yonse kuchokera pa Fort Johnston (dzina lakale la Mangochi) mu 1891 ndipo mphindi zanu zidzathera pomwepo.

Achikulire opuma pa ntchito, Monkey Bay:
Gulu la pa nsanja likamaliza za mfuti, aimeko pang'ono pa mwala wokumbukira anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Si simple machines, koma ana a m'mbali mwa nyanja ayenera kudziwa. Ndipo pali sayansi yake: chombo chikalemera kumwamba chimagubuduka msanga pa mafunde. Ana amene amakwera maboti odzaza amve zimenezi. Nsanjayo inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, zimenezo a Social Studies akuthokozani.

Mphunzitsi wa pa TP, Koche:
Pulley sinayankhidwe akuluakulu. Ndinaganiza kuti ngati sukulu ili ndi mtengo wa mbendera wokhala ndi kagudumu pamwamba, imeneyo ndi pulley. Ngati palibe, limu yakale ya njinga yochotsa tayala, kuilowetsa pa ndodo pakati pa mitengo iwiri, chingwe ndi ndowa ya mchenga. Ana aone kuti pulley imodzi yokhazikika sichepetsa kulemera, imangosintha kokokera, ukoka pansi katundu akwera.

Bambo wa sayansi, Malindi:
Mwalasa aphunzitsi. Ndipo muwafunse chifukwa chake kukokera pansi kumamveka kopepuka chonsecho kulemera sikunasinthe. Wina adzanena kuti thupi lako limakuthandiza. Pepala la ana likhale limodzi lokha, madamu, mizere inayi: dzina la chinthu, chithunzi chojambula yekha, mivi yosonyeza mphamvu, katundu ndi potsamira, ndiye chinthu cha kunyumba chofanana nacho. Zinthu zisanu zakwana. Mapepala akavuta, ajambule mizereyo m'makope dzulo lake.

Madamu a Sitandade 7, kufupi ndi boma:
Mwandithandiza kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Loweruka ndipita kukaona ndekha ndi kukambirana nawo. Lolemba ndikumana ndi a komiti, ndiwatengera ku mjigo ndi tepi kuti ayese okha kupopa pafupi ndi patali ndisanawaonetse pepala. Bambo a ku Monkey Bay, samu ya boyila ija ndiiika pa gulu la pamthunzi. A hedi, ngati muli ndi chitsanzo cha kalata ya makolo nditumizireni, ndikufuna ina ikhale m'Chiyao.

A hedi, Namwera:
Ndili nayo ya Chichewa ndi ya Chiyao, nditumiza madzulo netiweki ikabwera. Muonjezepo mzere woti kholo lilembe ngati mwana ali ndi matenda a kugwa kapena mphumu, amene akuyenda naye adziwiretu.